Mafiriji angapo pa kompuresa imodzi: kalumikizidwe kake

Firiji sipanga kuzizira. Imangotola kutentha m'kati mwake n'kukakutaya kunja, ndipo ngati kompuresa, makina opopa gasi, ndi condenser, chida chotayira kutenthako, zili pansi pa firijiyo, kunjako ndi m'chipinda momwemo. Ikani mafiriji a malonda anayi pamalo amodzi muone: pofika masana iliyonse ikukoka mpweya wotentha umene inzake yalavula, makompuresa akulira osapuma, anthu ali thukuta kamukamu. N'chifukwa chake ambiri amafika poganiza zochotsa timakompuresa tonseto, kuika imodzi yaikulu panja, n'kukoka mapaipi kupita ku firiji iliyonse.

Zimatheka, ndipo umu ndi mmene masitolo akuluakulu amayendetsera mafiriji awo. Koma chimene chimagwetsa ntchito zoterezi kawirikawiri si nthawi imene mafiriji onse akufuna kuzizira pamodzi ayi. Ndi usiku, zitseko zitatsekedwa, pamene kafiriji kamodzi kokha kakuitana ndipo chikompuresa chonse chija chikutumikira ikoko. Muwerenge zili m'munsizi mukukumbukira usiku umenewo.

Mafiriji a m'nyumba musawaike m'gulu limeneli. Iwo anamatidwa ku fakitale, gasi wawo amadutsa pa kapaipi kopyapyala kotchedwa capillary kamene kanayezedwera kompuresa yake yokhayo, ndipo ambiri a masiku ano ali ndi R600a, gasi woyaka moto. Tikunena za zipinda zozizira ndi mafiriji a malonda amene koyilo yake, ija amati evaporator, ingalandire valavu yakeyake. Komanso ntchito ya gasi ndi kuwotcherera mapaipi ndi ya katswiri wophunzira. Mwini malo awerenge kuti adziwe zofunsa, osati kuti agwire moto yekha.

Choyamba: lembani firiji iliyonse, kuzizira kwake ndi mphamvu imene ikufuna

Tengani pepala. Pa firiji iliyonse lembani zinthu ziwiri: madigiri amene m'kati muyenera kukhala, ndi makilowati a kuziziritsa amene ikufuna. Makilowatiwa muwapeze kwa amene anapanga firijiyo, kapena muwawerengere potengera kukula kwa chipinda, makoma ake, katundu wolowa patsiku ndi kutsekulatsekula kwa chitseko. Mphamvu ya mota yolembedwa pa kompuresa yakale si nambala imeneyi.

Kenako chotsani madigiri 8 mpaka 10 pa kuzizira kwa m'kati kuti mupeze madigiri amene gasi ayenera kuwirira m'koyilo. Chipinda cha +2°C chimafuna koyilo ya cha m'ma -8°C. Firiji youmitsa ya -18°C imafuna koyilo ya cha m'ma -28°C.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kompuresa ili ndi pakamwa pamodzi pokokera, choncho imakoka pa pulesha imodzi, ndipo pulesha imeneyo imalamulidwa ndi firiji yozizira kwambiri pa onse. Tiyerekeze muli ndi zipinda ziwiri zongoziziritsa, cha 2 kW ndi cha 1.5 kW, komanso firiji youmitsa ya 1 kW. Pamodzi ndi 4.5 kW. Mukazimanga pa kompuresa imodzi, makilowati onsewo ayenera kuperekedwa pa pulesha ya youmitsa ija. Ndi gasi wa R404A, kuwira pa -10°C kumaonetsa pafupifupi 3.3 bar pa geji, pamene pa -30°C ndi pafupifupi 1 bar. Gasi wa pa 1 bar ndi wopepuka, kompuresa ikakoka kamodzi imanyamula wochepa, moti mphamvu yake pa -30°C sifika n'komwe theka la mphamvu yake pa -10°C. Ndiye kuti chifukwa cha kafiriji ka 1 kW mugula kompuresa yaikulu kuposa kawiri imene mukadagula, ndipo tsiku lililonse muzilipira magetsi ochuluka poziziritsa zipinda zimene sizinafune kuzizira kotereko.

Ine maganizo anga ndi akuti ngati katundu wambiri wa kompuresa, kutanthauza makilowati aja, ali ku mbali yongoziziritsa, youmitsa ikhale ndi kompuresa yake. Phatikizani okhawo amene kuzizira kwawo kuli kufupi. Kusakaniza kumamveka pamene youmitsa ndiyo yaikulu ndipo yongoziziritsa ndi kachidutswa chabe. Komabe ena malo amawakakamiza kusakaniza, ndiye ndifotokoza zonse ziwiri.

Chachiwiri: sankhani kompuresa, muyang'ane kumwamba ndi pansi pomwe

Pa tebulo la wopanga kompuresa, pezani mphamvu yake pa madigiri a koyilo yozizira kwambiri ndiponso pa kutentha kwa tsiku lotentha kwambiri kumene condenser ikakhale. Imeneyo ikwane katundu yense. Musaonjezere kwambiri poti "mwina mtsogolomu". Kompuresa yokulitsa ndiyo imavutika usiku.

Tsopano funsani funso lachiwiri: kafiriji kakang'ono kwambiri kakaitana kokha, kompuresa ichita chiyani? Pa chitsanzo chathu chija, 1 kW pa kompuresa ya 4.5 kW sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Kompuresa idzayaka, idzakoka gasi yense wochepayo m'masekondi owerengeka, pulesha idzagwa, idzazima, kenako idzayakanso. Nthawi iliyonse ikayaka imaponya oilo m'mapaipi, ndipo ikazima msanga oiloyo sapeza mpata wobwerera. Opanga ambiri amati kuyaka kusapitirire ka 10 kapena ka 12 pa ola, ndipo ikayaka iyende mphindi zingapo.

Njira zothetsera zilipo. Yabwino kwambiri ndi kompuresa ya inverter, imene imachepetsa liwiro katundu akachepa. Ina ndi digital scroll, imene imatha kutsika mpaka 10 peresenti ya mphamvu yake. Makompuresa akuluakulu a mapisitoni ena amatha kupumitsa masilinda ena. Yotsika mtengo pogula koma yodya magetsi ndi valavu ya hot gas bypass, yobweza gasi wotentha ku mbali yokokera kuti pulesha isagwe. Imeneyi imatenthetsa kompuresa ngati simunaikepo njira yoziziritsira gasi wobwererayo. Kwa ine, katundu wochepetsetsa akakhala wosafika gawo limodzi mwa magawo atatu, sindimanga popanda imodzi mwa njirazi.

Pa gasi, R134a ndi wabwino ku mafiriji ongoziziritsa koma sayenera ku youmitsa, chifukwa amawira pa -26°C pa pulesha ya mpweya wamba, ndiye mukatsika kuposa apo mapaipi amayamba kuyamwa mpweya pakakhala pobooka. R404A wagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, koma ali m'gulu la magasi amene mayiko anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti achepetsedwe, choncho pa ntchito yatsopano ganizirani R448A kapena R449A ngati kompuresa ndi mavalavu akuvomereza.

Chachitatu: zida za panja

Gasi akachoka mu kompuresa adutse mu oil separator, chida chopatula oilo n'kumubwezera mu kompuresa. Pa makina a firiji imodzi ena amachisiya, koma pano musatero. Kenako condenser, kenako receiver, thanki yosungira gasi wamadzimadzi. Receiver ikhale yokwana kusunga gasi yense wa m'makinawo osadzaza kuposa 80 peresenti, chifukwa mafiriji onse akatseka mavalavu awo gasiyo amathawira mmenemo. Pambuyo pake filter drier, sefa yochotsa zinyalala ndi chinyezi mu gasi, ndi kagalasi koonera gasi. Ku mbali yokokera, pafupi ndi kompuresa, ikani accumulator yokola gasi wamadzimadzi asanalowe mu kompuresa. Ndipo kompuresa ikhale ndi hita yake ya pansi yotenthetsa oilo ikazima.

Chachinayi: nthambi ya firiji iliyonse

Kuchoka pa paipi yaikulu ya gasi wamadzimadzi, nthambi iliyonse iyende motere: valavu yotseka ndi dzanja, solenoid, TXV, koyilo, kenako ku mbali yotulukira valavu inanso yotseka ndi dzanja. Mavalavu a dzanjawa amaoneka ngati kuwononga ndalama mpaka tsiku limene koyilo imodzi idzabooke inu n'kufuna kuikonza ena onse akuyenda.

Solenoid ndi chitseko cha magetsi: thermostat ya firijiyo ikaona kuti m'kati mwatentha imaitsekula, kukazizira imaitseka. Ili ndi muvi pathupi pake, muulozetse kumene gasi akupita. TXV ndiyo imayeza gasi wolowa m'koyilo. Iyezedwe potengera koyilo yakeyo, osati kompuresa. Capillary pano sigwira ntchito, chifukwa sitha kusintha kayezedwe pulesha ikamasinthasintha pamene mafiriji ena akutsekula ndi kutseka.

Kabulubu ka TXV, kaja kamamva kutentha, kamangidwe molimba pa paipi yopingasa yongotuluka m'koyilo, chapamwamba kapena cham'mbali, osati pansi pamene pamayenda oilo, ndipo mukakute bwino. Chofunika kwambiri pa makina a nthambi zambiri n'chakuti kabulubu kakhale pa nthambi yake paipiyo isanakumane ndi ya firiji ina. Kakamva kuzizira kwa gasi wa mnzake, kamatseka valavu pamene koyilo yake ili ndi njala.

Ngati mafiriji onse ali pa kuzizira kofanana, nthambi yathera pamenepa.

Chachisanu: ngati kuzizira kukusiyana

Pakufunika zida ziwiri zoonjezera, ndipo anthu amakonda kuzisemphanitsa malo.

Pa nthambi iliyonse yofundirapo, ija yongoziziritsa, ikani EPR pa paipi yotuluka m'koyilo. Imeneyi ndi valavu yogwira pulesha m'koyilo kuti isatsike kupitirira pamene mwaitchera. Ya kampani ya Danfoss imatchedwa KVP, ya kampani ya Sporlan imatchedwa ORIT. Kompuresa ikukoka pa 1 bar, koma kumbuyo kwa EPR koyilo ili pa 3.5 bar. Popanda EPR koyilo ya chipinda chongoziziritsa imatsikira limodzi ndi ya youmitsa, imachita ayezi wambiri, imayamwa chinyezi chonse m'chipinda, ndipo katundu woyandikira fani amaundana. Kabulubu ka TXV ndi kapaipi kake kofananitsira pulesha zikhale pakati pa koyilo ndi EPR, osati kuseri kwake.

Pa nthambi yozizira kwambiri musaike EPR. Ikani check valve, valavu yolola gasi kutuluka kokha. Chifukwa chake n'chakuti gasi amathamangira kumene kwazizira kwambiri. Youmitsa ikapuma ena akuyenda, gasi wa m'paipi yaikulu amabwerera chambuyo kulowa m'koyilo yake, amasanduka madzi mmenemo, amafunditsa firiji, ndipo pulesha ikadzagwanso madzi onsewo amatuluka nthawi imodzi kulunjika ku kompuresa. Kompuresa sipanikiza madzi. Imaswa mavalavu.

Chachisanu ndi chimodzi: mapaipi okokera ndi ulendo wa oilo

Pano ndichedwapo, chifukwa makompuresa ambiri amene amati anafa okha anafa ndi njala ya oilo.

Oilo pang'ono amatuluka ndi gasi nthawi zonse, ngakhale separator ilipo. Amazungulira makina onse, ndipo chimene chimamubweza ndi liwiro la gasi m'paipi yokokera, monga mphepo ikokolola masamba. M'paipi yopingasa gasi ayende pafupifupi mamita 4 pa sekondi, m'paipi yokwera pafupifupi mamita 8 pa sekondi. Tsono paipi yaikulu mwaiyeza kuti inyamule gasi wa mafiriji onse atatu. Usiku mukuyenda gasi wa imodzi yokha, liwiro latsika kanayi, oilo wangogona pansi pa paipi. Mukachepetsa paipi kuti usiku liwiro likwane, masana pulesha imatayika panjira ndipo mphamvu imachepa. Ntchito ya woyeza ndi kupeza pakati.

Zimene zimathandiza ndi izi. Mapaipi opingasa atsetsereke pang'ono kulowera ku kompuresa, pafupifupi theka la sentimita pa mita iliyonse, popanda pokhota pamene oilo angadikhe. Ngati kompuresa ili pamwamba kuposa mafiriji, firiji iliyonse ikwere ndi paipi yakeyake yoyezedwera iyo yokha, ikakumane ndi paipi yaikulu pamwamba. Mwanjira imeneyi liwiro la pokwera silidalira anzake. Pansi pa paipi yokwera iliyonse pakhale kamsampha ka oilo kooneka ngati U, ndipo ngati kukwerako n'kwakutali, kamsampha kena pa mamita 4 mpaka 6 alionse. Nthambi ilowe m'paipi yaikulu kuchokera pamwamba, osati pansi kapena m'mbali, kuti oilo ndi madzi a firiji ina asatsikire m'koyilo imene ikupuma. Ngati n'kosatheka kupewa paipi yokwera imodzi ya onse, mangani ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu: katundu akachepa oilo amatseka kamsampha ka yaikuluyo, gasi yense n'kudutsa m'yaing'ono mwaliwiro.

Ndinaitanidwapo pa makina ena a zipinda zitatu pamene kompuresa yachiwiri inali itayamba kulira mwachilendo, yoyamba itafa kale. Masana kagalasi koonera oilo mu kompuresa kanali pakati, bwinobwino. Nditabwerera m'mamawa kwambiri, kagalasi kanali mbee. Patapita kanthawi zitseko zitayamba kutsekulidwa, oilo anabwerera nthawi imodzi, kompuresa n'kugunda ngati mwaponyamo mwala. Chinalakwika chinali paipi imodzi yokwera, yonenepa, yonyamula zipinda zonse. Amene anamanga anaganiza kuti paipi yaikulu ndi ulemu.

Mapaipi onse okokera akutidwe ndi zotchingira kutentha, ndipo polumikizira pake pamatidwe, apo ayi adzadontha madzi padenga.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi

Thermostat isayatse kompuresa. Ntchito yake ndi solenoid ya firiji yake basi. Kompuresa imvere swichi ya pulesha yotsika. Firiji iliyonse ikatsekula solenoid, gasi amalowa m'koyilo, pulesha imakwera, swichi imayatsa kompuresa. Onse akatseka, kompuresa imapitiriza kukoka mpaka itasesa gasi wa m'mapaipi kumutumiza ku receiver, pulesha n'kugwa, swichi n'kuzimitsa. Amati pump-down. Ubwino wake ndi wakuti kompuresa imapuma mapaipi ali opanda madzi.

Pozimira pakhale pansi pa pulesha yogwirira ntchito ya koyilo yozizira kwambiri, koma pamwamba pa 0 pa geji. Poyakira pakhale pansi pa pulesha imene gasi angafike m'firiji yozizira kwambiriyo, apo ayi idzaitana kompuresa osayankha. Ndi R404A pa youmitsa ya -18°C, gasi m'koyilo angakwere mpaka cha m'ma 2.2 bar, ndiye kuyaka cha m'ma 1.7 bar ndi kuzima cha m'ma 0.3 bar ndi poyambira pabwino. Mutsimikize ndi geji, manambala olembedwa pa swichi amanama. Onjezerani swichi ya pulesha yokwera, ndi taimala yoletsa kompuresa kuyakanso pasanathe mphindi zitatu kapena zisanu.

Kusungunula ayezi kukhale kosinthana. Zipinda zongoziziritsa zimasungunuka pongotseka solenoid fani ikuyenda. Youmitsa imafuna mahita: solenoid itseke, fani izime, hita iyake, ikatha mudikire madzi adonthe, ndipo fani ichedwe pang'ono kuyaka kuti isauluzire madzi pa katundu. Musalole mafiriji onse kusungunula pa ola limodzi. Akadzabwerera pamodzi ali ofunda, kompuresa imalemedwa mpaka kugwetsa magetsi. Pa makina oumitsa, valavu yochepetsa pulesha yolowa mu kompuresa, imene Danfoss amaitcha KVL, imateteza pa nthawi imeneyi.

Chachisanu ndi chitatu: kuwotcherera, kuyesa, kuthira gasi

Powotcherera, naitirojeni aziyenda pang'onopang'ono m'paipi. Popanda iye m'kati mumachita mwaye wakuda umene umakatseka tisefa ta TXV. Mavalavu akulungidwe ndi nsalu yonyowa. Mukatha, yesani kudontha ndi naitirojeni wouma, masolenoid onse ali otsekula kuti pulesha ifike paliponse, osapitirira malire a chida chofooka kwambiri. Okosijeni musayerekeze, akakumana ndi oilo amaphulika. Siyani naitirojeniyo m'mapaipi usiku wonse, muone ngati pulesha yatsika.

Kenako kokani vakyumu, kutanthauza kupopa mpweya wonse kuti utuluke m'mapaipi, ku mbali yokokera ndi yotulukira yomwe, mpaka geji ya vakyumu ionetse ma micron 500, tsekani, muone ngati ikukhazikika. Check valve ndi EPR zimatha kubisa mpweya kuseri kwake, ndiye onani kuti nthambi iliyonse ikukokedwadi. Oilo wa kompuresa wa mtundu wa POE amamwa chinyezi msanga, botolo lake lisakhale chitsekulire. Hita ya pansi pa kompuresa iyake maola 12 musanayatse. Magasi osakaniza monga R404A ndi R449A atuluke m'silinda ali amadzimadzi, muwayeze pa sikelo, ndipo mulembe makilogalamu amene alowa.

Chachisanu ndi chinayi: kutchera

Yatsani firiji imodziimodzi, kuyambira yozizira kwambiri. Onse akafika pafupi ndi kuzizira kwawo, tcherani EPR iliyonse geji ili ku mbali ya koyilo. Tembenuzani pang'ono, dikirani mphindi 15, onaninso. EPR ikakhazikika ndiye yezani superheat, kusiyana kwa kutentha kwa paipi yotuluka m'koyilo ndi madigiri amene pulesha ikusonyeza. Madigiri 5 mpaka 8 ndi abwino kwa makoyilo ambiri. Mukayamba ndi TXV musanatchere EPR mudzabwereza ntchito. Gasi wokwanira muweruze mafiriji onse akuitana pamodzi: kagalasi kayere, kasachite thovu.

Tsopano pangani usiku uja masana. Tsekani masolenoid onse kusiya wa kafiriji kakang'ono kwambiri, khalani pampando pafupi ndi kompuresa ndi wotchi kwa ola lathunthu. Werengani kuti yayaka kangati, ndipo nthawi iliyonse yayenda mphindi zingati. Yang'anani kagalasi ka oilo poyamba ndi pomaliza. Yezani kutentha kwa paipi yotuluka mu kompuresa, chifukwa pulesha yokokera ikatsika kwambiri paipi imeneyi imapsa. Mukatha, tsekulani onse nthawi imodzi ndipo tcherani khutu: mukamva kugunda, pali oilo kapena madzi amene anagona penapake. Bwerezani ndi firiji iliyonse payokha, kenako ziwiriziwiri.

Pomaliza ikani alamu ya kutentha pa firiji iliyonse, yolira ngakhale magetsi a makinawo atagwa, chifukwa tsopano kompuresa ikaima kapena paipi imodzi ikabooka, mafiriji onse amafunda limodzi. Pulesha, superheat, gasi amene munathira ndi kuchuluka kwa oilo, zonse zilembedwe pa khadi lomata m'kati mwa chitseko cha bokosi la magetsi. Pakatha sabata imodzi bwererani m'mamawa zitseko zisanatsekulidwe, muone kagalasi ka oilo musanakhudze china chilichonse.